Dokotala wa Mano Amene Sanayang'ane Kukamwa

Kachipatala ka mano kaja kanali pamwamba pa sitolo ya nsapato, ndipo anthu ambiri ankakwera masitepe ake ngati mbuzi yokokedwa ndi chingwe, dzanja lili patsaya. Ukatsegula chitseko unkalandiridwa ndi fungo la mankhwala, mipando isanu ndi umodzi youma gwa, ndi kulira kwa kamakina koboolera mano kuseri kwa khoma. Koma m'chipinda chodikiriramo munalinso chinthu china chimene chinkaiwalitsa munthu dzino lake: thanki yagalasi, yaitali ngati bedi la munthu mmodzi, yodzaza madzi oyera mbee.

Thankiyo sinali ya adokotala. Inali ya akazi awo, amene anailera kwa zaka zinayi ngati mwana wachisamba. Eninyumba m'menemo anali angelo awiri, mwamuna ndi mkazi, nsomba zophwatalala ngati tsamba, za zipsepse zazitali zolendewera ngati nsalu ya mkwatibwi. Angelo ndi a mtundu wa sikilidi, wochokera m'mitsinje ya ku South America, ndipo mtundu umenewu, ngakhale ofatsa ake, umadziwa pamene pathera bwalo lake. N'chifukwa chake mayiwo anawasankhira anansi mosamala. Pakatikati pa madzi pankayenda matetira makumi awiri, tinsomba tamphuno zofiira totembenuka nthawi imodzi ngati tauzana. Pansi pamchenga pankatakataka tinsomba tandevu tisanu ndi kamodzi, tosadziwa kukangana ndi munthu. Aliyense anali ndi malo ake, ndipo mwana wolira ankangoti akayang'ana m'galasimo, misozi n'kuumira pamasaya.

Tsono mwana wawo wamkazi, amene anakwatiwa kutali, anabereka mapasa, ndipo mayiwo anayenera kupita kukathandiza kwa miyezi iwiri. M'mawa wa tsiku lonyamuka anaima pathanki, chikwama chili m'manja.

"Chakudya kawiri pa tsiku, chongotsina ndi zala ziwiri," iwo anatero. "Loweruka muzichotsamo ndowa ziwiri za madzi n'kuthiramo atsopano. Ndipo bambo, ndapota nanu, musaikemo kanthu kena kalikonse."

"Mayi, ine ndimazula mano a anthu a ndevu zawo," adokotala anayankha akuseka. "Ndingalephere kudyetsa nsomba?"

"Kudyetsa sindikukukayikirani. Ndikuopa maso anuwa. Inu mukapita kukagula babu limodzi mumabwerako ndi wailesi."

Patebulo lolembera mayina a odwala pankakhala mng'ono wake wa mayiwo, mkazi wa lilime lakuthwa ngati lumo, amene ankaseka ndi alamu ake mosaopa. Iye anangokweza dzanja. "Achemwali, pitani bwino. Ine ndikhala mboni."

Sabata yoyamba inadutsa popanda chovuta. Yachiwiri chakudya cha nsomba chinatha, ndipo adokotala analowa koyamba m'sitolo imene akazi awo ankagulako zonse. Kumeneko n'kumene mtima wawo unawathawa. Makoma onse anali mathanki okhaokha, ndipo m'menemo munali nsomba zofiira, zachikasu, zamawangamawanga, zina zonyezimira ngati zaviikidwa m'golide. Anaganiza za thanki ya kuntchito ija, n'kuona ngati ndi yosauka. Bwanji mayi akamabwera adzapeze ili ngati munda wa maluwa?

Mwini sitoloyo anali mayi wamfupi wa magalasi, manja ake onyowa nthawi zonse. Ankawadziwa adokotala, ndipo thanki ya akazi awo ankaidziwa mpaka mwala uliwonse.

"Uyu ndi ndani?" adokotala anafunsa akuloza nsomba yakuda ya mawanga ofiira, yaikulu ngati chikhatho. Inkatsatira chala chawo pagalasi, ikugwedeza thupi lonse ngati kagalu koona mbuye wake.

"Ameneyo ndi osika. Nayenso ndi sikilidi wa kwawo komweko kwa angelo anu. Koma kukhala pachibale si kugwirizana, adokotala. Panopa akadali khanda. Pomatha chaka adzakhala ngati mkono wanuwo."

"Koma wandikonda. Taonani mmene akundiyang'anira."

"Akuyang'ana chala chanu ngati chingadyedwe." Mayiyo anapukuta manja pathewera. "Nsomba sitisankha ndi khungu. Choyamba muyang'ane kukamwa, chifukwa chimene chingakwane m'kamwamo, tsiku lina chidzalowamo ndithu. Kenako mufunse kuti idzakula kufika pati, ndiponso ngati imalola mnzake kudutsa pakhomo pake. Angelo amafuna anansi ofatsa, osajejeda zipsepse, osalimbirana nawo malo."

"Mayi, za kukamwa musandiphunzitse," adokotala anatero akudzigunda pachifuwa. "Kumeneko ndiye ku ofesi kwanga."

Maso awo anali atalumphira kale m'thanki ina, mmene munali tinsomba tachikasu ta mizere yakuda, tothamangitsana ngati ana otuluka m'kalasi. "Nanga iti?"

"Timeneto timatitcha tiakambuku. N'tochokera kwina, ndipo tikaona chipsepse chachitali timachiyesa chingwe chosewerera. Angelo a mayi sangathe nato sabata. Kunena zoona, adokotala, ngati n'za thanki ija, sindikugulitsani."

Apa adokotala akanatha kutenga chakudya chija n'kubwerera. Koma osika uja anali akuvinabe pagalasi, ndipo munthu amene wazolowera kuuza anzake kuti "yasamulani" sakonda kukanizidwa.

"Ayi, si za thanki ija," iwo anatero, maso ali kumbali. "Ndagula ina, ili kunyumba."

Mayiyo anawayang'ana pamwamba pa magalasi kwa kanthawi, kenako anatenga kaukonde. Adokotala anatuluka ndi mapepala apulasitiki awiri odzaza madzi: m'limodzi osika, m'linalo tiakambuku tisanu. Chakudya chimene anapitira anachiiwala pakauntala, anachita kubwerera ali pakhomo.

"Alamu, achemwali akudziwa zimenezi?" mlamu uja anafunsa ataona alendowo akukhuthulidwa m'thanki.

"Akadziwa ndiye kuti mwawauza ndinu."

"Ine pakamwa panga ndasoka. Koma nsombazo zili ndi pakamwa pawo."

Masiku oyamba zinthu zinakoma. Odwala ankayamikira, ana ankaika zala pagalasi kuti osika azitsatire, ndipo adokotala ankatuluka m'chipinda chawo kawirikawiri kudzamva mawu okomawo, manja ali m'chiuno. Koma Lolemba lotsatira mlamu uja anayamba chizolowezi chatsopano. M'mawa uliwonse asanatsegule buku la odwala ankaima pathanki, akuloza ndi cholembera.

"Matetira atsala khumi ndi asanu ndi atatu, alamu."

"Enawo abisala kuseri kwa chitsa."

Lachinayi anati, "Khumi ndi asanu."

"Ndati abisala."

"Abisaladi. Abisala m'mimba mwa mlendo wanu. Taonani mmene wakhutira, ngati bwana pakutha kwa msonkhano."

Angelo nawo sanalinso angelo. Tiakambuku tija tinkawazungulira, kena kutsogolo kena kumbuyo, n'kumabudula pang'onopang'ono, mpaka zipsepse zija zinaoneka ngati katani wodyedwa ndi makoswe. Madzulo ena akazi awo anaimba foni. Atatha kusimba za mapasa, za amene amalira kwambiri ndi amene wafanana ndi agogo ake aamuna, anafunsa kuti, "Nanga nsomba zanga?"

"Zikudya bwino kwambiri," adokotala anayankha, ndipo pamenepa sananame.

Munthu wina akanapita kwa mayi wa sitolo uja n'kuvomera kulakwa. Koma adokotala anaganiza kuti vuto la m'thankimo linali kusowa kwa wapolisi. Pakanakhala nsomba ina yamphamvu, osika akanachita mantha, tiakambuku tikanakhala phee, ndipo bata likanabwerera. Poopa magalasi a mayi uja, anapita kusitolo ina kuseri kwa msika, kumene wogulitsa sankafunsa mafunso. Kumeneko anaona chinsomba chobiriwira, mamba ake akunyezimira ngati mikanda, mchira wake uli ndi mpendero wofiirira.

"Chimenechi n'chofatsa?" anafunsa.

"Chikakhala chokha, bwana, sichivutitsa munthu," wogulitsayo anatero.

Adokotala anamva theka lomaliza lokha. Akutuluka, diso lawo linagweranso pa nkhanu ya buluu, yokongola ngati yopakidwa penti, ndipo anaganiza kuti pansi pamchenga paja pakusoweka mtundu umenewo. Nayonso inalowa m'pepala.

Wapolisi uja anayamba ntchito tsiku lomwelo. Anazula zomera zonse zimene mayi anabzala ndi manja awo, anakumba dzenje pakona, n'kulanda theka la thanki. Aliyense wodutsa malirewo ankalandira mutu. Iye ndi osika ankalumana milomo n'kumakankhana uku ndi uku ngati ng'ombe zamphongo, mchenga uli koboo, madzi oyera aja atasanduka ngati otsukira mbale. Nkhanu inakhala pansi pa chitsa, zipanizo zili m'mwamba, ikudikira tinsomba tandevu. Mlamu uja anachitcha chinsombacho Chigawenga, ndipo dzinalo linakhala.

Mbiri inatsika masitepe. Mwini sitolo ya nsapato, amene mano ake onse anali abwinobwino, anayamba kukwera nthawi ya nkhomaliro kudzaonerera. Tsiku lina anabwera ndi anzake awiri. Ankakhala pamipando ya odwala, wina akuchemerera osika, wina Chigawenga, uku anthu a matsaya otupa ataima m'mbali mwa khoma.

Chimene chinafika poipa chinachitika Lachitatu lina m'mawa. Kunabwera dalaivala wa lole, chimunthu chachitali chodzaza chitseko, koma chamantha ngati mwana wa nkhuku. Anali asanalowepo m'chipatala cha mano chibadwire, ndipo dzino linali litamusowetsa mtendere kwa sabata ziwiri.

"Khalani apa, achimwene," mlamu uja anatero, mwa chizolowezi cha zaka zinayi. "Muziyang'ana nsombazo, mtima ukhala m'malo."

Dalaivala anayang'ana. Anaona katetira kakuyandama pafupi ndi galasi, kosalakwa. Anaona osika akubwera pang'onopang'ono kumbuyo kwake. Kukamwa kuja kunatseguka ngati chitseko cha galaja, kenako kwapu! Kunja kunangotsala kamchira kakugwedezeka, nakonso kanalowa. Nthawi yomweyo kamakina kaja kanalira kuseri kwa khoma, chitseko chinatseguka, ndipo adokotala anasuzumira, kansalu kali kumphuno, magolovesi ali m'manja.

"Wotsatira! Tiyeni, bambo, tikaone kukamwako."

Dalaivala anaimirira. Anayang'ana adokotala, anayang'ana osika, amene ankalavula timamba. "Lapola," iye anatero. "Dzino lija lapola, adokotala. Zikomo kwambiri." Masitepe aja anawatsika atatuatatu. Mayi wina amene anabwera ndi kamtsikana kake anakatseka m'maso, nanena kuti adzabwera tsiku lina. Tsiku linalo silinafike.

"Alamu," mlamu uja anatero, ndipo ulendo uno sankaseka, "chotsanimoni zinthu zimenezi lero."

"Zizolowerana. Ngakhale anthu a lendi amayamba ndi kukangana."

Sizinazolowerane. Patapita masiku asanu, adokotala atatsegula chitseko m'mawa, anapeza mngelo wamwamuna atagona cham'mbali pamchenga, zipsepse zonse zitatha, nkhanu ili pambali pake. Wamkazi anali atadzipanikiza kuseri kwa paipi ya makina osefera madzi, thupi litada bii, akupuma mofulumira. Adokotala anaima pamenepo, makiyi ali m'manja. Anakumbukira tsiku limene akazi awo anabwera ndi nsomba ziwirizo zili zazing'ono ngati batani la jekete, mmene anazinyamulira pamiyendo ulendo wonse kuti zisagwedezeke. Anavula wotchi, anapisa mkono m'madzi, n'kutulutsa mngelo uja. Anamukulunga m'thonje, n'kumuika m'kambale ka zitsulo zawo. Mlamu uja atafika anaona, n'kupita kukakhala patebulo pake.

Foni inalira. Unali uthenga wochokera kwa mayi: apongozi a mwana wawo afika kudzalandira ntchito, choncho mayiwo akwera kale basi ya m'bandakucha yobwerera kwawo, ndipo adzera kuchipatala konko kudzatenga makiyi a kunyumba.

"Uzani odwala onse abwere mawa!" adokotala anakuwa. "Ndowa! Tipezereni ndowa!"

Mlamu uja anabweretsa ndowa yokolopera, beseni la kubafa ndi chidebe chimene anabwereka kusitolo ya nsapato. Thankiyo inali pamwamba pa kabati, ndipo kuti afike m'makona ake onse adokotala anafunika chokwerapo. Anakoka kampando kawo ka matayala, kamene amakhalira pozula mano.

"Alamu, kameneko kamayenda."

"Ndakhala nako zaka khumi ndi ziwiri, ndikukadziwa."

Anakwera, kaukonde kali m'manja. Anayamba ndi osika, koma ali pafupi kumugwira, Chigawenga chinadutsa pamphuno pawo, ndipo anasiya osika n'kutsatira icho. Chigawenga chitalowa kuseri kwa chitsa, tiakambuku tinabwera pamodzi pakona, ndipo anati bola atenge tisanu nthawi imodzi. Tinabalalika. Anabwereranso kwa osika, ndipo ulendo uno analowadi m'kaukonde, akuphiriphitha ndi kuwaza madzi. Dzanja lamanzere linali lopanda ntchito, ndiye anati ligwirenso nkhanu ija pompo. Nkhanu ndi imene inayamba kugwira. Adokotala anakuwa, anakoka mkono, kampando kanathawa pansi pa mapazi awo, ndipo anagwa chagada pasimenti, phii! Ndowa inagubuduka, madzi anayenderera mpaka pamasitepe, osika ali pachifuwa pawo akuwamenya ndi mchira pachibwano.

Chitseko chinatseguka. Mayi anaima pakhomo, chikwama chili m'manja.

Anayang'ana amuna awo pansi, anayang'ana mng'ono wawo, amene anali atagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Anaika chikwama pampando, anatola osika ndi manja awiri n'kumuika m'beseni. "Uyu alibe mlandu," anatero. Kenako analumpha miyendo ya adokotala n'kukaima pathanki. Anakhalitsa pamenepo. Zomera zinali kuyandama, mizu ili m'mwamba. Matetira anatsala asanu ndi awiri, mphuno zofiira zija zitayezuka. Tinsomba tandevu tinatsala titatu.

"Mwamuna wa mngeloyu ali kuti?"

Mlamu uja analoza kambale kaja. Mayiwo anatsegula thonje, anayang'ana, n'kutsekanso bwinobwino.

"Mayi," adokotala anatero ali chigonere, "ndimafuna mudzapeze zokongola."

"Zinali zokongola kale, bambo." Mawu awo anali otsika, ndipo adokotala akanakonda akanakalipiridwa. "Mwathyoka?"

"Ayi. Msana wokha."

"Ndiye dzukani. Wamkaziyu akadali moyo, ndipo sakhala nazo zimenezi ola lina."

Ntchito imene inawakanika adokotala, mayiwo anaimaliza mosavuta. Anachepetsa madzi, anatulutsa chitsa, n'kugwira nsomba imodzi, kuimaliza, kenako ina. Masana omwewo banjalo linalowa m'sitolo ya mayi wa magalasi uja, mayi ali patsogolo, adokotala ali pambuyo atapindika, ndowa ili uku chidebe chili uku.

"Mayi," adokotala anauza mwini sitoloyo asanafunsidwe, "thanki yachiwiri ija kulibe. Ndinakunamizani."

"Ndinakayika," mayiyo anayankha akusuzumira m'ndowa. "Koma munthu wamkulu akanena, umati mwina. Nanenso ndinalakwa posakufunsani kuti ndi yaitali bwanji." Ataona Chigawenga ndi nkhanu anavula magalasi. "Koma izi si zanga. Zonsezi munaziika pamodzi ndi angelo? Adokotala, inu mumagoneka odwala ndi afisi chipinda chimodzi?"

Anazilandira zonse. Osika anamupezera mphunzitsi wina wopuma pantchito, amene anali ndi thanki yaikulu yopanda kanthu, ndipo kumeneko anakula nakhala nsomba yabwino yodziwa mbuye wake. Chigawenga nacho, chitakhala chokha, sichinavutitse munthu. Panalibe nsomba yoipa pa zonsezo. Iliyonse inkangofuna nyumba yake.

Mngelo wamkazi anachira. Zipsepse zinamera, ngakhale chimodzi chinamera chokhota. Mayi anabzalanso zomera, ndipo kwa miyezi itatu sanaikemo kanthu, kudikira kuti otsalawo aiwale. Atayesa kumubweretsera mwamuna wina, wamkaziyo anamuthamangitsa, ndipo anakhala yekha mpaka kukalamba. Zimenezi mayiwo sanazitchulepo kwa amuna awo ngakhale kamodzi, koma adokotala ankaziona m'mawa uliwonse akamatsegula chitseko.

Kwa sabata zitatu iwo anagwira ntchito atamanga lamba wa msana, akuyenda ngati munthu wofunafuna singano pansi. Odwala ankaiwala mano awo n'kumawafunsa kuti, "Kodi mwatani, adokotala?" Poyamba ankati anaterereka. Koma mlamu uja ankatsokomola mwadala patebulo pake, mpaka iwo anazolowera kunena zoona: kuti anali ndi thanki yamtendere, koma anafuna yakuda, anafuna yamizere, anafuna yobiriwira, anafunanso ya buluu, ndipo pomaliza anatsala akuyang'ana kudenga, nsomba ili pachifuwa. Odwalawo ankaseka mpaka kugwira tsaya, ndipo adokotala ankaseka nawo, dzanja lili kumsana. Paja akuluakulu anaziona kale zotere pamene ananena kuti ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.